Mutu 7: GPS ya M'manja ndi Malire a Munda ku Mitundu

Pa mabokosi a GPS zambiri za m'manja, zimene alangizi a zaulimi, anthu a kafukufuku ndi ophunzira a ku Bunda amayezera minda, pamalembedwa mawu awiri achidule: WAAS ndi EGNOS. Mu menyu ya Garmin eTrex kapena GPSMAP muli poyatsira ndi pozimitsira zimenezi, ndipo opanga makinawo amalonjeza kuti mukayatsa, GPS siphonya kupitirira mamita 3. Lonjezolo si labodza, kungoti analembera munthu wa ku America ndi wa ku Ulaya. Amene waima m'munda wa mtedza ku Mitundu, phiri la Bunda likuonekera chapatali, makina ake ndi omwewo, setilaiti akuimva bwinobwino, koma lonjezolo silikumukhudza.

GPS imapeza malo poyeza nthawi. Masetilaiti ake amazungulira pamtunda wa makilomita pafupifupi 20,200, iliyonse ikuulutsa pamene ili ndi nthawi ya pa wotchi yake. Makina a m'manja amawerengetsa nthawi imene uthengawo watha panjira n'kupeza mtunda, ndipo akamva masetilaiti anayi kapena kuposerapo amadziwa pamene aima. Poti mafunde a wailesi amathamanga makilomita 300,000 pa sekondi, wotchi ikangophonya ndi gawo limodzi mwa magawo miliyoni a sekondi, mtunda waphonya ndi mamita 300. Mawotchi a m'masetilaiti ndi a atomiki, komabe amatsogola kapena kutsalira pang'ono. Setilaiti nayo siyenda ndendende m'njira imene yalengeza. Chovuta kwambiri ndi ionosphere, mpweya wopyapyala wa kumwamba kwambiri umene dzuwa limaudzaza mphamvu ya magetsi. Umachedwetsa uthenga, ndipo kuchedwako kumasintha malinga ndi ola, nyengo ndi dera. Kale asilikali a America ankawonjezera dala chisokonezo chawo kuti anthu wamba aziphonya mpaka mamita 100, koma Bill Clinton analetsa zimenezi mu Meyi 2000. Masiku ano GPS ya m'manja pamtetete imaphonya ndi mamita 3 mpaka 5, ndipo pansi pa mango kapena bulugama imaposa apo.

Mamita 5 si kanthu kwa dalaivala wa minibasi amene akufunafuna njira ya ku Area 23. Kwa woyendetsa ndege amene akutera mu nkhungu ndi nkhani ya moyo, makamaka chifukwa GPS payokha sichenjeza msanga setilaiti ina ikayamba kunama. N'chifukwa chake a zandege ndiwo anayambitsa njira yowongolera GPS imene dzina lake lachidule ndi SBAS.

Njirayo imayambira pansi. Amamanga masiteshoni m'malo amene anayezedwa kale mpaka pa sentimita. Makina a pasiteshoni akanena kuti nyumbayo yasuntha ndi mamita awiri, pomwe ili pamaziko ake omwe aja, ndiye kuti cholakwika chili mu uthenga wa kumwamba. Masiteshoni onse amatumiza zimene aona ku likulu, kumene makompyuta amalekanitsa zolakwikazo: ichi ndi cha wotchi ya setilaiti yakuti, ichi ndi cha njira yake, ichi ndi cha ionosphere pamwamba pa dera lakuti. Zokonzazo amazikweza ku setilaiti ina yokhala pamtunda wa makilomita 35,786 pamwamba pa equator, ya mtundu umene umaoneka ngati waima malo amodzi, monga imene madishi a DStv amaloza. Iyo imaziulutsa pa mafunde omwewo a GPS otchedwa L1, pa 1575.42 MHz, uthenga umodzi sekondi iliyonse. Setilaiti ya GPS ikasokonekera, chenjezo liyenera kufika kwa woyendetsa ndege pasanathe masekondi 6.

America inatsegulira ndege WAAS mu Julayi 2003. Japan inatsatira ndi MSAS mu 2007. EGNOS ya ku Ulaya inayamba kutumikira anthu wamba mu Okutobala 2009 ndi ndege mu Malichi 2011. India ili ndi GAGAN, Russia SDCM, China BDSBAS, South Korea KASS, ndipo Australia ndi New Zealand anayamba kuulutsa SouthPAN mu 2022. Mayina ndi ambiri koma kalembedwe ka uthenga n'kamodzi, kotsatira malamulo a bungwe la zandege la ICAO ndi chikalata cha RTCA DO-229. Ichi ndi chinthu chimene mayikowa anachita mwanzeru. Ndege yochoka ku New York kupita ku Paris kenaka ku Delhi sisintha makina panjira, ndipo GPS ya m'manja yolembedwa WAAS yokha imatha kuwerenga EGNOS kapena GAGAN, bola nambala ya setilaitiyo ikhale m'gulu la zimene inauzidwa kufufuza. Manambala amenewa amayambira 120 kulekezera 158. Makina akale ena amalekezera pa 138, choncho setilaiti yatsopano ya nambala yoposa apo saiona ngakhale ili pamutu penipeni.

Chimene chimamveka ku Mitundu

Mitundu ili pa madigiri pafupifupi 14 kum'mwera kwa equator ndi 34 kum'mawa. Kuchokera pamenepa masetilaiti oima pamwamba pa Africa ndi nyanja ya Indian amaoneka m'mwamba ndithu, chakumpoto, popanda phiri lowatchinga. SES-5, imene imanyamula uthenga wa EGNOS pa madigiri 5 kum'mawa, ili pamwamba kuposa theka la mtunda wa pakati pa chizimezime ndi pamutu. Ku Finland anthu amavutika kuimva chifukwa imakhala m'munsi kwambiri, kuseri kwa mitengo ndi nyumba. Ife amene sanatiwerengere timaimva mosavuta kuposa eni ake ena. Masetilaiti a GAGAN nawo amafika kuno.

Pa makina ambiri a Garmin mungazione nokha. Tsegulani tsamba la masetilaiti, lija la timizere toimirira tokhala ndi manambala kunsi kwake. Manambala 1 mpaka 32 ndi a GPS. Mukaona nambala monga 36, 40, 41 kapena 49, imeneyo ndi setilaiti ya SBAS, chifukwa makinawo amachotsa 87 pa nambala yake yeniyeni: 49 ndi 136 ya EGNOS, 41 ndi 128 ya GAGAN. Pakapita mphindi zingapo, pa timizere tina pamatuluka kachilembo ka D, kusonyeza kuti makina alandira zokonza za setilaiti imeneyo ndipo akuzigwiritsa ntchito. Woyeza akaona D amakhazikika mtima, ndipo apa m'pamene ambiri amapusitsika.

Zili ngati kutchera wailesi ya dziko lina imene ikumveka bwino kwambiri n'kumvera za nyengo. Mawu onse mwawamva, wolengezayo sakunama, koma mvula imene akunenayo igwa kwawo.

Masiteshoni a EGNOS, pafupifupi 40, ali ku Ulaya ndi kumpoto kwa Africa, kupatula ochepa akutali monga ya ku Hartebeesthoek ku South Africa, imene ntchito yake ndi kuthandiza kulondola njira za masetilaiti. Masiteshoni 15 amene GAGAN inayamba nawo onse ali mu India. Zokonza za ionosphere zimatumizidwa m'magawo: mlengalenga, pamtunda wa makilomita 350, munajambulidwa mizere yopingasana pa madigiri 5 alionse, ndipo pamphambano iliyonse pamaperekedwa nambala ya kuchedwa kwa uthenga pamenepo. Mphambano imodzi yotere, ya madigiri 15 kum'mwera ndi 35 kum'mawa, ili pamwamba pa Balaka. Kuti pakhale nambala yodalirika pamafunika masiteshoni a pansi amene akuyang'ana kudzera m'dera limenelo, ndipo EGNOS ndi GAGAN zilibe masiteshoni oterowo kuno. Gawo la uthenga limene likanathandiza kwambiri ndi lomwe likusowalo.

Zokonza za wotchi ndi njira ya setilaiti zimakhalabe ndi phindu pang'ono kunja kwa dera lake, koma nazo zili ndi msampha. Setilaiti ya GPS imene ili kum'mwera kwa Malawi, chaku nyanja ya kuseri kwa Durban, masiteshoni a ku Ulaya saiona, ndiye uthenga umanena kuti siikuyang'aniridwa. Makina opangidwa bwino amaona kuti ali kunja kwa dera n'kubwerera ku GPS wamba. Ena amataya masetilaiti onse opanda zokonza n'kutsala ndi ochepa ounjikana mbali imodzi ya thambo, ndipo ena amasakaniza okonzedwa ndi osakonzedwa. Zikatero yankho likhoza kuipa kuposa likanakhala SBAS itazimitsidwa, pomwe nambala ya pagalasi yonena kuti mwaphonya ndi mamita angati ikuonetsa zabwino. Makina a m'ndege sachita zimenezi, chifukwa malamulo ake amawakakamiza kukana uthenga umene sangautsimikizire. GPS ya m'manja palibe lamulo loikakamiza kutero.

Thambo lathu nalo ndi lovuta kuposa la ku Ulaya. Mzere wa pakati wa maginito a dziko umadutsa Africa chakumpoto kwa equator, cha ku Nigeria ndi Ethiopia, ndipo mbali zonse ziwiri za mzerewo kuli malamba amene ionosphere imakhuthala kwambiri. Lamba wa kum'mwera amadutsa cha ku Tanzania ndi Congo, ndipo Malawi ili m'mphepete mwake. M'madera otere, dzuwa likangolowa ionosphere imawinduka, uthenga n'kumathothoka ndi kubwerera. Zimakula m'zaka zimene dzuwa lakwiya, pafupifupi zaka 11 zilizonse, monga mu 2024. Ngakhale kumene kuli SBAS yamphamvu dzuwa silinyengereka: pa 10 Meyi 2024 mkuntho wa maginito unasokoneza mathirakitala oyendera GPS ku America nthawi yodzala chimanga, alimi ena n'kuimitsa ntchito.

Ya Africa ili pati?

Imene yapita patali ndi ya ASECNA, bungwe loyang'anira zandege la mayiko ambiri amene kale ankalamulidwa ndi France, lokhala ndi likulu ku Dakar. Mu Sepitembala 2020 linayamba kuulutsa uthenga woyeserera kudzera pa NigComSat-1R, setilaiti ya Nigeria yoima pa madigiri 42.5 kum'mawa, ndipo mu Januwale 2021 ndege inayesa kutera ndi uthengawo ku Lomé, m'dziko la Togo. Tsopano ntchitoyi imatchedwa ANGA. Malawi sili mu ASECNA, ngakhale Madagascar ndi Comoros, amene si akutali ndi ife, ali momwemo. Uthenga woyeserera umabwera ndi chizindikiro choletsa kuugwiritsa ntchito pa zinthu zokhudza moyo, ndipo makina ambiri amaukana pokhapokha mwini atawauza kuti aulandire.

Phindu lake kwa dziko ngati lathu n'loonekeratu. Bwalo la ndege la Kamuzu ku Lumbadzi lili ndi zida za pansi zotsogolera ndege potera, koma zida zotere n'zodula kugula ndi kusamalira, ndipo chilichonse chimatumikira mbali imodzi yokha ya msewu wa ndege. SBAS ikakhalapo, ndege imatha kutsika motsogoleredwa mpaka mamita 60 kuchokera pansi popanda chida chotere pabwalopo, zimene zikanathandiza mabwalo ngati a Mzuzu, Karonga ndi Likoma. Makampani a ndege a mu Africa akhala akudandaula za mtengo wosinthira makina m'ndege zawo ndi funso loti alipire masiteshoniwo ndani, ndipo dandaulo lawo lili ndi maziko. Palinso mbadwo wachiwiri wa SBAS, umene ICAO inavomereza malamulo ake mu 2023. Umagwiritsa ntchito mafunde awiri, L1 ndi L5, kotero makina amayeza okha kuchedwa kwa ionosphere osadikira nambala ya pamphambano. Kwa mayiko a kufupi ndi equator imeneyi ndiyo njira yabwino, koma makina onse a L1 yokha, kuphatikizapo GPS za m'manja zakale zimene zili m'maofesi a zaulimi, sangauwerenge.

Kukula kwa munda ndi malire a munda

Kodi ndiye kuti GPS ya mlangizi ndi yachabechabe? Ayi ndithu. Pamafunika kusiyanitsa mafunso awiri amene anthu amawasakaniza.

Loyamba ndi lakuti mundawu ndi waukulu bwanji. Apa GPS ya m'manja imachita bwino, chifukwa munthu akazungulira munda m'mphindi khumi, cholakwika chachikulu chimakhala chofanana pa ngodya zonse. Munda wonse umasunthira mbali imodzi papepala koma kukula kwake sikusintha kwambiri. Ofesi ya National Statistical Office inayeza minda ndi GPS pa kafukufuku wa mabanja wa 2010 mpaka 2011, ndipo poyerekeza ndi zimene eni minda ananena, zinaoneka kuti alimi amakonda kukuza minda yaing'ono ndi kuchepetsa yaikulu. "Ekala imodzi" ya pakamwa nthawi zambiri sikwana masikweya mita 4,047 a ekala yeniyeni, ndipo zimenezi zimasokoneza kawerengedwe ka feteleza, ka mbewu ndi ka ngongole ya fodya. GPS imavutika pa timadimba tating'ono ta m'mbali mwa mtsinje wa Nathenje, pamene mamita awiri ophonya ndi gawo lalikulu la dimba lonse. Pamenepo tepi imaposa setilaiti.

Lachiwiri ndi lakuti malire ali pati, ndipo ili ndi lina. Munda wa ekala imodzi wofanana mbali zonse umatalika mamita pafupifupi 64. Malire akasuntha ndi mamita 3, mizere inayi ya chimanga yotalikirana masentimita 75 yapita kwa mnansi, malo okwana masikweya mita 190, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 20 a mundawo. Amene anakhalapo pabwalo la anyakwawa akudziwa kuti milandu imayamba ndi mzere umodzi. Manambala olembedwa ndi GPS ya m'manja chaka chino, wina akadzawafufuza ndi GPS ina patapita zaka zisanu, sadzafika pa chitsa chomwecho, ndipo aliyense mwa otsutsanawo adzakhala ndi makina omuikira umboni.

Nkhani yolembetsa malo si yachilendo m'boma la Lilongwe. Lamulo la Registered Land Act la 1967 ndi chitukuko cha Lilongwe Land Development Programme, chimene chinayamba mu 1968 ndi ngongole ya World Bank, zinabweretsa kalembera wa ndunda kumadzulo kwa bomali, malo a banja n'kulembedwa m'dzina la woimira banjalo. Lamulo la Customary Land Act la 2016, lomwe linakonzedwanso mu 2022, linatsegula njira yoti munthu kapena banja litenge chiphaso cha malo a makolo kudzera m'komiti yotsogoleredwa ndi agulupu. Kufupi ndi misika ya Mitundu ndi Nathenje, kumene anthu a mumzinda akugula mapuloti, manambala a pachiphaso ayamba kulemera kuposa mawu a mboni.

Pa manambala amenewa pali kusagwirizana kwina kumene kumaposa zonse za SBAS, koma sikutchulidwa pabokosi. Mapu akale a Dipatimenti ya Surveys anajambulidwa pa datum ya Arc 1950, pomwe GPS imabwera itatcheredwa pa WGS 84. Datum ndi maziko amene manambala a malo amawerengedwera. Malo amodzi omwewo, mu UTM zone 36, amakhala ndi manambala osiyana ndi mamita pafupifupi 300 pa madatum awiriwa, makamaka cha kumpoto ndi kum'mwera. Munthu akhoza kudandaula za mamita awiri a ionosphere pomwe puloti yonse waiika m'manda a mudzi wina chifukwa cha mzere umodzi wa mu menyu. Manambala olembedwa m'kope popanda dzina la datum ndi theka la umboni.

Masaveya a chiphaso sadalira SBAS poika mabikoni. Amaimika makina amodzi pa bikoni yodziwika, ena n'kumayenda nawo pandodo, awiriwo akutumizirana zokonza pa wailesi kapena pa intaneti ya foni. Njira imeneyi, RTK, imafika pa masentimita ochepa ngati makina awiriwo sanatalikirane kupitirira makilomita 10 kapena 20, chifukwa onse akuyang'ana kudzera m'thambo limodzi. Maganizo ake ndi omwe aja a SBAS, kusiyana kwake n'kwakuti siteshoni ili pafupi. Palinso thandizo latsopano lochokera kumwamba limene limafika ku Malawi: kuyambira pa 24 Januwale 2023 masetilaiti a Galileo a ku Ulaya amaulutsa kwaulere zokonza zotchedwa HAS, zolinga pa masentimita 20 makina akakhazikika kwa mphindi zingapo. Zimabwera pa mafunde a E6, amene GPS za m'manja wamba ndi mafoni sizimva.

Mafoni asintha mbali ina. Kuyambira pa Xiaomi Mi 8 ya 2018, ena amamva L1 ndi L5 pamodzi, ndipo ambiri amaphatikiza GPS ndi GLONASS ya Russia, Galileo ndi BeiDou ya China, zimene zimawapatsa masetilaiti makumi angapo nthawi imodzi. Kuno kuchuluka kwa masetilaiti ndi mafunde awiri kumathandiza kuposa mawu akuti WAAS. Bungwe limene likugulira alangizi makina lingachite bwino kufunsa wogulitsa za zinthu ziwirizi, ndiponso ngati Arc 1950 ilimo m'ndandanda wa madatum, m'malo mokopeka ndi zolembedwa pabokosi.

Pa makina amene alipo kale, kuyesa n'kosavuta. Pezani bikoni imene manambala ake ndi odziwika, kapena malo alionse okhazikika monga ngodya ya simenti ya pamjigo. Ikani GPS pamenepo, ilekeni ikhazikike, ndipo lembani manambala pa mphindi iliyonse kwa theka la ola SBAS ili yoyatsa, kenaka theka lina ili yozimitsa. Bwerezani m'mawa, masana ndi dzuwa litalowa, masiku angapo. Ngati kuyatsa sikukuchepetsa kumwazikana kwa manambalawo, izimitseni, batire lizikhalitsako. Pa ntchito ya kumunda yezani m'mawa, gwirani makina m'mwamba kutali ndi thupi, imani pangodya iliyonse mpaka manambala asiye kuvina, ndipo patsamba lomwelo lembani tsiku, ola, mtundu wa makina ndi datum.